Mlandu wa Amalume Lameki Unkaweruzidwa mu Januwale

Sabata ino chakwana chaka chimwalirire amalume anga, a Lameki Kamtedza a ku Lewisham muno mu London, alongo awo a mayi anga. Anthu a kutchalitchi andipempha kuti ndilembe mawu owakumbukira, ndipo ndikudziwa zimene akufuna kumva: kuti anali munthu wophunzira wochokera ku Ntchisi, kuti anagwira ntchito zaka zambiri m'labotale ya yunivesite ku Greenwich, kuti mowa sankaulawa. Zonsezo n'zoona. Koma ine ndikatseka maso ndimangoona mkulu wouma mutu ali pampando, mapepala ali mbwee pamiyendo, akukalipira wailesi yakanema chifukwa cha anyamata a m'makoleji a ku Amereka amene mwina sanamvepo n'komwe kuti kuli dziko lotchedwa Malawi.

Mpira wake si uwu wathu woponda ndi phazi ayi. Ndi uja wa ku Amereka, wooneka ngati papaya, umene amaunyamula m'manja n'kumathamanga nawo, ena n'kumawagwetsa, onse atavala zipewa zolimba. Ine ndine namwino, ndipo nditauona koyamba ndinangoganiza za makosi a ana a eni. Amalume anandifotokozera malamulo ake kambirimbiri, koma palibe chinalowa. Chimene ndinagwira ndi ichi chokha: makoleji a kumeneko ndi ambiri zedi moti sangasewere onse wina ndi mnzake. Ndiye anawagawa m'zigawo, chigawo chilichonse n'kumasewera chokhachokha, kupatula masewero ochepa. Nyengo imayamba chilimwe cha kuno chikamatha, n'kudzatha mu Januwale. Tsono funso limene silitha n'lakuti, chigawo champhamvu ndi chiti? Timu imene yagonjetsa anzake onse kwawo, ndi yamphamvudi, kapena anzakewo ndiye mbatata? Funso limeneli amalume anakalamba nalo.

Iwo anali a chigawo cha kumpoto, kumene anakaphunzira ali mnyamata, ku dera la chimanga ndi chipale chofewa. Mfundo yawo inali imodzi, ndipo ankaibwereza mpaka ine ndinkatha kuinena ndili m'tulo. Ankati chigawo suchiyezera kumutu koma kumchira. Katswiri mmodzi aliyense angakhale naye, koma taona timu yotsiriza, ione ngati ingakuvutitse. Ankati banja lodya bwino umalidziwira pa mwana wotsiriza, osati pa bambo. Mfundo yachiwiri inali ya kuzizira. Ankati a chigawo cha kumwera amasewera padzuwa chaka chonse, ndipo sanabwerepo kumpoto mwezi wa Novembala kuti aone mmene mpira umaumira zala zitachita dzanzi.

Munthu wowayankha mu London monse muno anali mmodzi yekha, a Tembo. A Tembo ndi a ku Zambia, kwawo ku Katete, ndipo anagwira ntchito m'famase mpaka kupuma. Amakhala ku Romford, misewu itatu kuchokera kwanga. Iwo anakaphunzira ku koleji ya kumwera kwa Amereka, atatumizidwa ndi mpingo. Awiriwa anakumana pa ukwati wina zaka zambiri zapitazo. Amalume anali atavala jekete yakale ya koleji yawo pamwamba pa suti, pa ukwati abale inu, ndipo a Tembo, osawadziwa n'komwe, anayang'ana chizindikiro cha pachifuwa n'kunena kuti anyamata a kumeneko amathamanga ngati ng'ombe zili m'dambo. Amalume ankati tsiku limenelo anamva ngati akumana ndi mbale wawo wa bere limodzi. Keke sanaione. Anakangana mpaka anthu anayamba kupinda mipando.

A Tembo ankayezera kumutu. Ankati za mchira n'zodzitonthoza nazo anthu osapambana, chikho amanyamula ndi katswiri. Ankati tawerengani anyamata amene amatengedwa kukasewera mpira wa malipiro, muone ngati ambiri sachokera kumwera. Amalume ankayankha kuti kukolola mbewu yabwino n'kwina, kudziwa kulima n'kwina. Zikafika povuta, timu yawo italuza mochititsa manyazi, ankangokweza mapewa n'kunena kuti mako ndi mako angachepe mwendo.

Masiku oyambawo kunalibe intaneti. Zotsatira ankaziona m'nyuzipepala ya ku Amereka imene ankagula pasiteshoni itagona masiku awiri. Mnzawo wina wa kusukulu ankawatumizira matepi a vidiyo pa positi, ofika patatha milungu itatu, ndipo akuluakulu awiriwa ankakhala pansi n'kuonera masewero amene ankadziwa kale mapeto ake, akukuwa ngati angasinthe. Kenako zinthu zitayamba kuoneka mwachindunji, Loweruka lililonse la nyengo ya mpira a Tembo ankakwera sitima kuchoka ku Romford, n'kusintha kawiri, kuti faifi koloko madzulo iwapeze ali pa sofa ku Lewisham. Akazi awo, a Esinati, ankaseka kuti amuna awo ali ndi mitala, mkazi wamng'ono ndi wa ndevu.

Anali ndi lamulo limodzi limene sankaliphwanya. Kukangana kunkaloledwa nthawi iliyonse, koma kugamula kunkadikira Januwale, sewero lomaliza litatha. Wina akafuna kudzitama msanga, mnzake ankamukumbutsa kuti linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Loweruka loyamba nyengo itatha ankachita chimene ankachitcha bwalo. Aliyense ankaimirira pakati pa balaza n'kufotokoza mlandu wa chigawo chake kuyambira timu yoyamba mpaka yotsiriza. Pangano linali lakuti wogonja aphike tiyi n'kumupatsa mnzake ndi manja awiri. Zaka zonsezo palibe anagonjapo. Tiyi ankaphika ndi a Esinati, amene tsiku limenelo ankabwera nawo, ndipo ine nditafika ku London ntchitoyo inagwera ine.

Tsiku lina ndinawafunsa amalume, nditatopa nazo, kuti kodi anyamata amenewa akukudyetsani? Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma anazimitsa mawu a wailesi yakanema n'kundiuza nkhani imene sanaibwerezenso. Anati atafika ku koleji ija anali munthu wakuda mmodzi yekha m'nyumba yogona ophunzira. Palibe ankawazunza, koma palibenso ankawayankhula kupyola moni. Anakhala miyezi iwiri osakhudzidwa ndi dzanja la munthu. Loweruka lina anatsatira khamu la anthu chifukwa chosowa chochita, n'kudzipeza ali m'bwalo lamasewero, akunjenjemera ndi kuzizira, osamvetsa kanthu. Timu ya koleji itagoletsa, mlimi wina wonenepa amene anakhala pafupi nawo anawakumbatira n'kuwanyamula m'mwamba, akulira ndi chimwemwe. Sanawafunse dzina ndipo sanaonanenso. Atamaliza kufotokoza anakwezanso mawu a wailesi n'kundiuza kuti ndisunthe, ndikuwatchinga.

Ndikanakonda kulekera pomwepa, koma amalume anali ndi chilema chimene tonse tinkachidziwa. Sankatha kuyankhula za mumtima. Akazi awo atawasiya n'kupita ndi mwana ku Canada, iwo anauza anthu kuti m'nyumba mwakula malo oika mabuku. Mayi anga atamwalira kumudzi, anabwera kwanga, anakhala maola atatu, n'kundikonzera mpopi wa kukhitchini umene sunali wowonongeka. Ndi a Tembo chinenero chawo chinali mpira basi. Akafuna kufunsa ngati mnzawo ali bwino, ankanyoza timu yake, n'kumvetsera ngati yankho lili ndi mphamvu.

A Esinati anamwalira kumayambiriro kwa Januwale, zaka zisanu ndi ziwiri amalume asanatsatire. Sabata yomweyo timu ya kumpoto inagonjetsa ya kumwera pa sewero lalikulu. Tinasonkhana pa siwa kunyumba kwa a Tembo, amayi kuchipinda chodyera tikuimba, abambo pabalaza. Anali masana, ndipo ine ndinali kugawa madzi akumwa pamene amalume analowa. Anavula chipewa, anagwira dzanja la a Tembo, n'kukhala pambali pawo. A Tembo anali atangoti ndwii, maso ali pakapeti, osayankha aliyense. Ndinaona amalume akuwayang'ana, akusaka mawu. Kenako anaweramira kwa mnzawo n'kunena motsitsa, koma m'nyumba ya maliro mawu otsitsa amamveka kutali:

"Mwamva, a Tembo? Anyamata anu agwa. Ndinakuuzani ine za mchira."

Ine ndinamva manyazi mpaka kumapazi. A Tembo anadzutsa mutu pang'onopang'ono n'kuyankha m'Chinyanja chawo cha ku Zambia:

"Mukazi wanga ali ku mochale, imwe mwanibweletsela vampila? Chokani pa nyumba panga."

Amalume anatola chipewa n'kutuluka. Ndinawatsatira mpaka pamalo okwerera basi ndikuwalalatira, ine mwana kulalatira amalume anga pamsewu, zimene sindinaleredwe nazo. Anangondiuza kuti anaona munthu akumira ndipo anafuna kumupatsa chinthu choti akwiye nacho, poti munthu wokwiya samira. Ndinawayankha kuti akanangonena pepani ngati anthu ena onse. Basi inabwera ndipo anakwera.

Zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa osayankhulana. Abusa anayesa, ine ndinayesa, koma amalume ankati anathamangitsidwa ngati galu pamaso pa anthu, a Tembo ankati anthu ena saona kusiyana kwa bwalo lamasewero ndi manda. A Tembo ndinkakumana nawo pamsika wa Romford akugula nsomba. Ankandipatsa moni waulemu, kufunsa za ana anga, osatchula dzina la amalume. Koma nyengo ya mpira ikafika ankachedwa kutsanzika, ngati munthu amene ali ndi funso m'kamwa.

Amalume anapitiriza kuonera okha. Ankaikabe makapu awiri patebulo, ati chizolowezi cha dzanja. Anayesa kukopa anyamata a ku Malawi ophunzira ku Greenwich, n'kuwaitana kudzadya nkhuku, koma anyamatawo ankadya, kugwedeza mitu mwaulemu, maso ali pa foni kuona mpira wa ku Mangalande. Anayesa kukangana ndi anthu pa intaneti, koma anasiya, ati kumeneko munthu amakutukwana asanamve mfundo yako. Pomaliza anagwira ine. Loweruka limene sindinali pa ntchito ndinkapita, n'kundiuza kuti ndinene kuti akumwera ndi amphamvu. Ndinkanena. Akafunsa chifukwa chake, ine kukamwa yasa, iwo n'kupukusa mutu kuti Nachisale, iwe ngakhale kunama sukutha.

Masewero enieniwo nawonso anawasinthira. Makoleji a kumadzulo, a kugombe la nyanja yaikulu, analowa m'chigawo chawo cha kumpoto chifukwa cha makontirakiti a wailesi zakanema. Amalume zinawanyansa. Ankati zili ngati munthu wa ku Nsanje adzuke m'mawa n'kulengeza kuti kuyambira lero ndi wa ku Chitipa. Akuluakulu a mpirawo atawonjezera masewero a kumapeto kuti akatswiri a zigawo azikumana okha n'kuthetsa makani, aliyense anasangalala kupatula iwo. Ankati anthu amenewa sakudziwa kuti chokoma chinali kusadziwako.

Mtima wawo unayamba kufooka chaka chathachi chisanafike. Pofika mu Novembala chaka chathachi miyendo inali itatupa, ndipo kuchoka pampando kupita kubafa ankapumira kawiri. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndinkaona ndi maso kuti Khirisimasi ikhala yovuta kuifika. Madokotala anawauza, ndipo anamva. Loweruka lina anandipempha pepala ndi envulopu. Analemba nthawi yaitali, koma mizere inali itatu yokha, ndipo anandilola kuwerenga: "A Tembo, ndaunikanso zaka zonsezi. Akumwera ndi amphamvu. Munkanena zoona. Ine Lameki."

Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa kuti mawu akuti pepani ali pati, dzina la a Esinati lili pati, zaka zisanu ndi ziwiri n'kulembanso za mpira? Anandiyang'ana ngati ndine wogona.

"Pepani amanena aliyense, ngakhale wokuponda phazi m'basi. Ichi sindinachinenepo kwa munthu chibadwire. Akamva."

Kenako anandigwira mkono n'kundilumbiritsa kuti ndisakatchule za matenda. Anati sakufuna kuti a Tembo abwere ndi mphesa kudzazonda wodwala, akufuna abwere kudzakangana. Ndinalonjeza, poti ndi amalume anga, ndipo munthu wodwala chotero sumukaniza.

Nditawapititsira kalatayo, a Tembo anaiwerengera pakhomo, ataimirira. Anaiwerenga kawiri. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Chaka chimenecho, ngakhale ine ndinali nditamva, akumpoto ndiwo ankasesa aliyense.

"Ni boza iyi," anatero. "Chaka chino akumpoto ali pamwamba, na iwo aziba bwino. Manje afuna kunigonjela monga nine mwana? Mukawauze kuti mulandu sitiweluza mu Novemba. Nyengo ikasila nizabwela, nizawaonetsa kuti anama."

Ndinaima pakhomo paja. Ndinkadziwa kuti Januwale ili kutali kwambiri. Chiganizo chimodzi chokha chikanakwanira, ndipo a Tembo akanavala jekete nthawi yomweyo. Ndinasunga lonjezo langa, ndinatsanzika, n'kupita kwathu kukaphikira ana. Pa zinthu zonse zimene ndachita m'moyo wanga, ichi n'chimene chimandiwawa kwambiri, ndipo sindikudziwabe ngati ndinalakwa.

Amalume atamva yankholo anaseka mpaka kutsokomola. Anandifunsa katatu ngati a Tembo ananenadi mawu akuti boza. Anati munthu amene wakutcha wabodza wakukhululukira. Tsiku lomwelo anandituma mapepala atsopano, n'kuyamba kukonzekera bwalo la Januwale, koma tsopano ngati loya wa akumwera, poti anali atalemba kale ndipo sakanabweza mawu. Masabata awo omaliza anawathera pa kusaka zabwino za matimu amene anawanyoza moyo wawo wonse, akung'ung'udza kuti ntchitoyo ndi yonyansa. Sindinawaonepo osangalala choncho pa zaka zisanu ndi ziwiri zonsezo. Anamwalira kuchipatala Lachitatu m'mawa, patatsala sabata imodzi kuti Khirisimasi ikwane.

A Tembo anabwera pa siwa. Anakhala pakona. Pochoka anandiitanira pakhonde n'kundifunsa funso limodzi, ngati ndinkadziwa za matendawo tsiku lija ndinabweretsa kalata. Ndinavomera, n'kuwauza za lonjezo. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti ndi mmene analili munthu uja, ndipo akanakhala iwo akanachitanso chimodzimodzi. Sanandidzudzule. Ndikanakonda akanandidzudzula.

Thupi tinalitumiza ku Ntchisi. Fulati inali ya lendi, ndipo eni ake anatipatsa mpaka kumapeto kwa Januwale. Mwana wawo wa ku Canada anatenga zithunzi ndi wotchi, zina zonse anati ndione chochita. Mabuku ndinapereka, sofa anadzatenga anthu othandiza osauka, wailesi yakanema inapita kwa mayi wina wa pansi. Loweruka lomaliza ndinapita kukakolopa kuti Lolemba ndikabweze makiyi. Ndili pakati pa ntchito ndinamva kugogoda. Anali a Tembo, atavala suti ndi tayi, envulopu yaikulu ili kukhwapa. Anati nyengo yatha, ndipo paja analonjeza kuti adzabwera.

Munalibe powakhazika. Pabalaza panali pululu, makatani nditachotsa, mawaya akulendewera pakhoma, kapeti ili ndi zizindikiro zinayi pamene panali miyendo ya mpando. Magetsi otenthetsa m'nyumba anali atazimitsidwa kale, moti mpweya unkaoneka potuluka m'kamwa. Kunja sitima zinkadutsa, ndipo m'nyumba yopanda katundu phokoso lake linkamveka kawiri. A Tembo anayang'ana uku ndi uku, anapita pakati pa chipinda, anatulutsa mapepala awo, n'kuyamba kufotokoza chifukwa chake akumpoto ali amphamvu. Anayambira kumchira, pa timu yotsiriza.

Ine ndinaima pakhomo la kukhitchini ndi chokolopera m'manja. Ndinaona kuti akanena mfundo imodzi ankasiya, n'kukhala chete kanthawi, mutu atapendeketsa, kenako n'kuyambanso mokweza pang'ono. Poyamba ndinkayesa kuti mpweya ukuwathera, ndipo ndinatsala pang'ono kuwafunsa ngati akufuna madzi. Atachita kachitatu ndinazindikira kuti akusiya mpata woti amalume awadule mawu. Anapitiriza chomwecho, timu ndi timu, mphindi pafupifupi makumi anayi, mpata uliwonse akuusunga mokwanira. Atafika pa katswiri anapinda mapepala, n'kudikiranso, nthawi ino motalika kwambiri.

Kenako anandifunsa kuti sitima ya ku Romford ndikwera nthawi yanji. Ndinati ndatsala ndi kubafa kokha. Anati andidikira panja, poti m'nyumbamo mukuzizira.